Makompyuta a m'nyumba imodzi akamakana kugawana mafayilo: Windows 7, 10 ndi 11

M'nyumba zambiri ndi m'timashopu ta fotokope pa Mangochi Boma, ku Monkey Bay kapena ku Namwera, makompyuta sakhala a msinkhu umodzi. Pamakhala yakale ya pa tebulo yokhala ndi Windows 7, momwe muli zithunzi za maukwati ndi makalata a zaka zambiri, laputopu ya kaunjika ya Windows 10, mwinanso ina yatsopano ya mwana wa ku koleji yokhala ndi Windows 11. Onsewa ali pa WiFi imodzi, koma kuti fayilo ichoke uku ipite uko anthu amangodalira fulashi. Fulashiyo ndi imene imayendetsa kachilombo kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, ndipo ikakhala ya FAT32 imakana fayilo iliyonse yoposa 4 GB, choncho vidiyo ya ukwati simalowamo.

Kugawana mafayilo pa netiweki ya m'nyumba sikudya bandulo. Fayilo imachoka pa kompyuta imodzi, n'kudutsa pa rauta, n'kukafika pa inzake osatuluka pakhomo. Ngakhale bandulo ya Airtel kapena TNM itatha, mafayilo amayendabe malinga rauta ikuyaka.

Chimene chimachedwetsa anthu ndi kufufuza vuto mopupuluma: azimitsa firewall (mlonda wa Windows wotsekereza zolowa kuchokera pa netiweki), ayatsa SMB1 (njira yakale yogawanira mafayilo), asintha apa ndi apo, mapeto ake sakudziwanso chimene chathandiza kapena chaononga. Mafunso ndi anayi ndipo amafunsidwa motsatana. Kodi makompyutawo ali pa netiweki imodzi? Kodi khomo la mafayilo ndi lotseguka? Kodi dzina ndi pasiwedi zalandiridwa? Kodi fodayo ikukulolani? Osalumpha limodzi. M'munsimu, kompyuta yomwe ili ndi foda tiziitchula kuti yosunga, ndipo yofuna kutsegula fodayo tiziitchula kuti yopempha.

Dziwani kaye Windows imene muli nayo

Pa kompyuta iliyonse dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, ndipo lembani papepala zimene zatuluka, makamaka manambala ngati 22H2 kapena 24H2. Chifukwa chake n'chakuti Windows imagawana mafayilo kudzera m'njira yotchedwa SMB, ndipo njirayi yakhala ikusintha. Windows XP imadziwa SMB1 yokha. Windows 7 imadziwa SMB 2.1, pomwe Windows 10 ndi 11 amafika pa SMB 3.1.1. Makompyuta awiri akakumana amasankha okha mtundu wapamwamba umene onse akuudziwa. Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya: Windows 7, 10 ndi 11 amamvana bwinobwino popanda SMB1. Ngati m'nyumba mulibe XP, makina akale a fotokope kapena rauta yakale ya USB, SMB1 si vuto lanu, musaikhudze.

Kodi ali pa netiweki imodzi?

Pa kompyuta iliyonse tsegulani cmd, windo lakuda lolembamo malamulo (dinani Windows ndi R, lembani cmd), mmenemo lembani ipconfig, muyang'ane mzere wa IPv4 Address. Pa MiFi zambiri za Huawei mudzaona manambala ngati 192.168.8.100 ndi 192.168.8.101. Pa marauta ena amayamba ndi 192.168.0 kapena 192.168.1. Magawo atatu oyambirira ayenera kufanana pa makompyuta onse, lomaliza lokha ndi losiyana. Imodzi ikakhala pa 192.168.8 ina pa 192.168.1, ndiye kuti zili pa marauta awiri osiyana, kapena ina yalumikizika ku hotspot ya foni osadziwa. Adiresi yoyamba ndi 169.254 imatanthauza kuti kompyuta sinalandire adiresi kuchokera ku rauta ndipo yangodzipatsa yokha. Zikatero onani waya, kapena zimitsani rauta kwa masekondi 30 n'kuyatsanso.

Kenako pa yopempha lembani ping ndi adiresi ya yosunga, mwachitsanzo ping 192.168.8.101. Mayankho ake ali ndi tanthauzo. Reply from yotsatana ndi bytes ndi time ndiye kuti akuonana. Request timed out nthawi zambiri imasonyeza kuti kompyuta ilipo koma firewall yake sikuyankha, ndipo zimenezo zikonzeka m'gawo lotsatira. Destination host unreachable ndi nkhani ina: kompyutayo sikupezeka n'komwe pa netiweki. Mwina yagona, mwina adiresi mwailemba molakwika, kapena rauta ikuletsa zipangizo kulankhulana. Lowani mu rauta polemba adiresi yake mu browser, monga 192.168.8.1, mufufuze AP Isolation kapena Client Isolation m'gawo la WiFi, muzimitse. WiFi ya alendo, yomwe dzina lake limatha ndi Guest, imaletsa zimenezi mwadala. M'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja n'zoyenera kutero, koma makompyuta a mu ofesi asakhale pa WiFi imeneyo.

Kutsegula khomo

Windows imagawa netiweki m'mitundu. Ikaiona ngati ya Public, imatseka chilichonse poganiza kuti muli pagulu, ndipo Windows 11 imaika netiweki yatsopano pa Public mukapanda kuiuza. Pa Windows 11 pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, dinani properties ya netiweki yanu, musankhe Private network. Pa Windows 10 n'chimodzimodzi. Pa Windows 7 tsegulani Network and Sharing Center, dinani mawu a buluu akuti Public network, musankhe Home network kapena Work network.

Mukatero pitani ku Advanced sharing settings. Pa Windows 7 ndi 10 ili mu Network and Sharing Center, pa Windows 11 ili mu Advanced network settings. Pansi pa Private yatsani Network discovery ndi File and printer sharing. Pansi pa All networks siyani Password protected sharing ili yoyaka. Kuyatsa File and printer sharing kumatsegula khomo la TCP 445 mu firewall ya Windows, ndiye palibe chifukwa chozimitsira firewall yonse. Ngati munaika antivirus yokhala ndi firewall yakeyake, monga Avast kapena Kaspersky, lowani mmenemo muiuze kuti netiweki iyi ndi yodalirika, chifukwa iyo imatseka payokha ngakhale Windows itatsegula.

Poyesa, musadalire chithunzi cha Network mu File Explorer. Dinani Windows ndi R, lembani \\192.168.8.101 pogwiritsa ntchito adiresi ya yosunga. Ikakufunsani dzina ndi pasiwedi, khomo latseguka. Ikatulutsa 0x80070035 kapena System error 53, khomo likadali lotseka kapena adiresi ndi yolakwika. Pa Windows 10 ndi 11 mutha kutsimikiza mu PowerShell polemba Test-NetConnection 192.168.8.101 -Port 445. TcpTestSucceeded ikanena True, vuto silili pa netiweki ayi, pitirirani kutsogolo.

Chithunzi cha Network chimapusitsa anthu ambiri chifukwa chimatha kukhala chopanda kanthu pomwe kugawana kukuyenda. HomeGroup, yomwe eni Windows 7 anaizolowera, inachotsedwa mu Windows 10 mtundu wa 1803 m'chaka cha 2018, choncho musaifunefune. Kuti kompyuta ya Windows 10 kapena 11 izioneka pamndandanda, tsegulani services.msc, mupeze Function Discovery Provider Host ndi Function Discovery Resource Publication, muike zonse ziwiri pa Automatic, muziyatse. Onaninso kuti dzina la workgroup ndi limodzi, nthawi zambiri WORKGROUP, ndiponso kuti makompyuta alibe mayina ofanana. Lembani hostname mu cmd kuti muone dzina. Dzinalo lisapitirire zilembo 15.

Dzina ndi pasiwedi: apa ndi pamene pagona nkhani

Mavuto ambiri a pakati pa Windows yakale ndi yatsopano amathera pano. Windows 7 inkalola zambiri mwachisawawa, pomwe Windows 11 imafuna kudziwa amene akulowa. Njira yolimba ndi imodzi: pa yosunga pangani akaunti yapadera ya mafayilo yokhala ndi pasiwedi, ndipo aliyense azilowera pa imeneyo.

Tsegulani cmd ngati administrator pa yosunga (fufuzani cmd pa Start, muidine ndi batani lamanja, musankhe Run as administrator), mulembe net user mafayilo PasiwediYanu /add, pamalo a PasiwediYanu muikepo pasiwedi yeniyeni. Kenako lembani net accounts /maxpwage:unlimited. Lamulo lachiwirili musaliiwale, chifukwa Windows imatha kuthetsa pasiwedi ya akaunti yotere pakatha masiku 42, ndiye mudzangoona foda yomwe inkatseguka bwino yayamba kukana popanda chifukwa chooneka.

Pa yopempha, bokosi lofunsa dzina likatuluka, musalembe mafayilo pokha. Lembani dzina la kompyuta yosunga, kamzere kopendekera kumbuyo, kenako dzina la akaunti, chonchi, ngati dzina la yosunga ndi OFESI: OFESI\mafayilo. Mukalemba dzina lokha, Windows imatha kuganiza kuti mukunena akaunti ya pa kompyuta imene mwakhalapoyo. Chongani Remember my credentials kuti isamafunsenso.

Pali misampha itatu pano. Woyamba ndi akaunti yopanda pasiwedi. Makompyuta ambiri a pakhomo amangotseguka osafunsa kanthu, koma Windows imaletsa akaunti yopanda pasiwedi kulowa kudzera pa netiweki, ngakhale dzina mutalilemba molondola. Wachiwiri ndi PIN. Manambala anayi kapena asanu ndi limodzi amene mumatsegulira laputopu ya Windows 11 amagwira ntchito pa laputopu yomweyo basi. Pa netiweki pamafunika imelo ya akaunti ya Microsoft ndi pasiwedi yake yeniyeni, yomwe eni ake ambiri anaiiwala kalekale. N'chifukwa chake akaunti yapadera ija ndi yabwino kuposa kulimbana ndi ya Microsoft, komanso simupereka pasiwedi ya imelo yanu kwa ana kapena antchito.

Wachitatu ndi pasiwedi yakale imene Windows inasunga. Mwasintha zonse bwinobwino koma yopempha ikungokana osafunsanso dzina, kapena ikutulutsa System error 1219 yonena za kulumikiza kambiri ndi mayina osiyana. Windows silola kulowa pa kompyuta imodzi ndi mayina awiri nthawi imodzi. Tsekani mawindo onse a File Explorer, lembani net use * /delete /y mu cmd, kenako tsegulani Credential Manager mu Control Panel, pa Windows Credentials mufufute chilichonse chokhala ndi dzina kapena adiresi ya yosunga. Zimitsani kompyuta n'kuyatsanso, muyesenso.

Chenjezo lina likukhudza makompyuta amene anaikidwa Windows pokopera disiki ya ina, monga amachitira ena okonza makompyuta pofuna kufulumira. Makompyuta otere amakhala ndi nambala ya SID yofanana (SID ndi nambala imene Windows imazindikirira kompyuta ndi maakaunti ake), ndipo kuyambira chakumapeto kwa 2025 Windows 11 ya 24H2 ndi 25H2 imakana kulowetsana pakati pa makompyuta a SID imodzi, ngakhale pasiwedi ili yolondola. Lembani whoami /user pa onse awiri muyerekeze manambala aataliwo kupatula gawo lomaliza. Akafanana, mankhwala ake ndi kuikanso Windows mwatsopano pa imodzi mwa izo, mutasunga kaye mafayilo anu pena.

Mwalowa koma foda ikuti Access denied

Uthenga wa You do not have permission kapena 0x80070005 ndi nkhani yabwino pang'ono, chifukwa ukusonyeza kuti netiweki ndi pasiwedi zili bwino. Chatsala ndi chilolezo, ndipo zilolezo zilipo ziwiri, ngati chipata cha mpanda ndi chitseko cha nyumba: chipata chikatseguka koma chitseko n'kukhala chokiya, simunalowebe.

Dinani foda ndi batani lamanja, Properties, Sharing, Advanced Sharing, chongani Share this folder, dinani Permissions, muonjezere akaunti ya mafayilo ndi kuipatsa Change ngati anthu azisintha kapena kuikamo zinthu, kapena Read yokha ngati azingotenga. Kenako pitani pa Security, Edit, Add, muonjezerenso akaunti yomweyo ndi Modify kapena Read. Zilolezo ziwirizi zikasiyana, chokhwima ndi chimene chimagwira ntchito. Ambiri amakonza Sharing n'kuiwala Security.

Musagawe foda ya pa Desktop kapena mu Documents, chifukwa zimenezo zili m'kati mwa akaunti ya mwini kompyuta ndipo zilolezo zake n'zopanikiza. Pangani foda yatsopano monga D:\Zogawana kapena C:\Zogawana. Ndipo musagawe disiki yonse ya C. Kachilombo kakalowa pa kompyuta imodzi kamafika paliponse pamene akauntiyo ili ndi mphamvu yolemba, choncho foda ya zithunzi zakale, zomwe sizisinthanso, ipatseni Read yokha.

Windows 11 ya 24H2 ikakana mlendo

Ena anazolowera kuzimitsa Password protected sharing kuti foda izitseguka popanda pasiwedi. Pamenepo kompyuta imalowa ngati Guest, kutanthauza mlendo wopanda pasiwedi. Windows 10 ya Enterprise ndi Education inaletsa kale zimenezi kuyambira mtundu wa 1709, ndipo Windows 11 Pro ya 24H2 nayo inaletsa, n'kuyambanso kufuna kuti mauthenga a SMB azisainidwa, chinthu chimene Guest sangathe. Ndiye laputopu yomwe dzulo inkatsegula foda, lero itatha update ikunena za unauthenticated guest access.

Pa intaneti mudzapeza malangizo oyatsa Enable insecure guest logons mu gpedit.msc ndi kuzimitsa kusainira kuja. Zimagwiradi, koma ife sitilimbikitsa, chifukwa mukufooketsa kompyuta yatsopano pofuna kuti ifanane ndi yakale, ndipo laputopuyo mawa ikalumikizika pa WiFi ya kwina ili yofooka choncho. Yatsaninso Password protected sharing pa yosunga, mupange akaunti ija. Windows 7 imatha kusainira bwinobwino ikakhala ndi akaunti ya pasiwedi, ndiye palibe chimene mwataya.

XP ndi makina akale a fotokope

SMB1 imafunika pa zinthu zochepa: Windows XP, makina ena akale a fotokope amene amatumiza sikani mu foda, ndi marauta akale okhala ndi polowetsa USB. Uthenga wake umatchula poyera kuti obsolete SMB1 protocol. Microsoft inayamba kuchotsa SMB1 kuyambira Windows 10 mtundu wa 1709, m'chaka cha 2017, chaka chomwe kachilombo ka WannaCry kanafalikira padziko kudzera pa chibowo cha mu SMB1 yomweyi.

Ngati palibe kuchitira mwina, pitani ku Turn Windows features on or off, mutambasule SMB 1.0/CIFS File Sharing Support. Muli Client ndi Server. Client imalola kompyuta yatsopano kukatenga zinthu ku XP, pomwe Server imalola XP kapena makina a fotokope kulowa mu yatsopano, ndipo imeneyi ndi yoopsa kwambiri. Pofuna kutenga zinthu ku XP, yatsani Client yokha pa kompyuta yatsopanoyo, mukopere zonse zofunika ulendo umodzi, muzimitsenso. XP inasiya kulandira zigamba za chitetezo mu Epulo 2014, ndiye isakhale mosungira zinthu za banja. Pa makina a fotokope, yambani mwaona ngati angathe kusikanira pa fulashi kapena kutumiza pa imelo.

Windows 7 nayo inasiya kulandira zigamba pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta ya Windows 7 imene ntchito yake ndi kusunga mafayilo basi mutha kuichotsa pa intaneti koma n'kumagawanabe nayo: ipatseni adiresi yokhazikika monga tafotokozera m'munsimu, koma malo a Default gateway muwasiye opanda kanthu. Idzaonana ndi anzake a m'nyumba koma kunja sidzatuluka.

Lero zikuyenda, mawa zakana

Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta imagawanso maadiresi motengera amene wayamba kulumikizika. Yosunga yomwe inali 192.168.8.101 imadzuka ili 192.168.8.103, ndipo njira yachidule imene munasunga ikuloza pa foni ya munthu. Njira yabwino ndi kulowa mu rauta, pa DHCP (gawo logawa maadiresi), n'kumangirira adiresi imodzi ku kompyutayo. Rauta ikakhala yopanda zimenezi, dinani Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani ndi batani lamanja WiFi kapena waya umene mukugwiritsa ntchito, Properties, Internet Protocol Version 4, muike adiresi ya kunja kwa manambala amene rauta imagawa. Pa MiFi yogawa kuyambira 100, ikani 192.168.8.50, Subnet mask 255.255.255.0, gateway ndi DNS 192.168.8.1. Izi chitani pa kompyuta yokhala pamodzimodzi. Laputopu yoyenda nayo ikakhala ndi adiresi yokhazikika idzakana WiFi ya kwina.

Adiresi ikakhazikika, pa yopempha tsegulani This PC, Map network drive, mulembe \\192.168.8.50\Zogawana, muchonge Reconnect at sign-in ndi Connect using different credentials. Foda idzaoneka ngati disiki yokhala ndi chilembo chake. Yosunga ikagona, foda imasowa, ndiye mu Power Options ikani Sleep pa Never pamene ili pa magetsi. Muyang'anenso tsiku ndi nthawi pa kompyuta yakale. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard kakatha, tsiku limabwerera zaka zambiri m'mbuyo magetsi akangozima, ndipo zimenezo zimatha kusokoneza kulowa.

Kukopera kukamaduka pakati, ganizirani za WiFi. Makoma a njerwa zootcha ndi malata zimafooketsa mphamvu yake, ndipo kutentha kwa Mangochi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatenthetsa MiFi yoikidwa pa windo kapena pamwamba pa TV mpaka kuyamba kudukaduka. Iikeni pamthunzi, pokwera, podutsa mphepo. WiFi ya 2.4 GHz pa MiFi imayenda ma MB ochepa pa sekondi, pomwe waya wa 100 Mbps umafika pafupifupi 11 MB pa sekondi ndipo wa gigabit umapitirira 100 MB ngati madisiki akukwanitsa. Pa mavidiyo a 50 GB, gulani waya wa Cat5e, womwe umagwira bwino mpaka mamita 100, mulumikize makompyuta awiriwo mwachindunji popanda rauta. Imodzi muipatse 192.168.5.1, inayo 192.168.5.2, Subnet mask 255.255.255.0, gateway osalemba. Makadi a gigabit amazindikira okha waya wamba. Windows imaona kulumikiza kotere ngati Unidentified network n'kuiika pa Public, choncho yatsani File and printer sharing pansi pa Public kwa nthawi yokoperayo, mukamaliza muzimitse.

Mac ndi Ubuntu amalowa mu foda yomweyo ndi akaunti yomweyo. Pa Mac, mu Finder dinani Command ndi K, mulembe smb://192.168.8.50/Zogawana. Pa Ubuntu lembani zomwezo mu Files, pamalo olumikizira seva. Pofunsa Domain siyani WORKGROUP, dzina lembani mafayilo, ndipo musankhe Registered User osati Anonymous, chifukwa Anonymous ndi Guest yemwe uja amene Windows ikukana.